Bodi m'kampani yongoyamba kumene: owerenga afunsa, tayankha

Makalata amene tasankha mwezi uno achokera kwa anthu amene adayambitsa makampani ang'onoang'ono ofuna kukula msanga ndi mpamba wa anthu ena, komanso kwa mmodzi amene wapemphedwa kukhala m'bodi ya kampani yotere. Tawafupikitsa makalatawo ndipo mayina tachotsa.

FUNSO: Akonzi, ine ndi anzanga awiri tidayambitsa kampani yopanga mapulogalamu a pafoni. Tsopano papezeka munthu wofuna kutipatsa mpamba posinthana ndi masheya, koma akuti tiyambe takhazikitsa bodi yeniyeni ndipo iye apatsidwemo mpando. Ife tilipo atatu okha, timaonana tsiku ndi tsiku ndipo timagwirizana pa chilichonse. Kodi bodi si nkhani ya makampani akuluakulu?

YANKHO: Bambo, ngati kampani yanu idalembetsedwa mwalamulo, ndiye kuti bodi muli nayo kale, ngakhale kuti mwina simudakhalepo pansi n'kuitcha dzina limeneli. Malamulo a makampani m'maiko ambiri salola kampani kukhala yopanda dayilekitala. Lamulo la ku Britain la 2006, mwachitsanzo, limati kampani imene masheya ake sagulitsidwa kwa wina aliyense ikhale ndi dayilekitala mmodzi kapena kuposerapo, pamene kampani imene ingagulitse masheya kwa anthu onse ikhale ndi awiri kapena kuposerapo. Anthu amene mudalemba mayina awo pa fomu yolembetsera kampani ndiwo bodi yanu. Chimene mwini mpambayo akupempha ndi chakuti bodiyo isiye kukhala mayina a papepala chabe, iyambe kukumana, kufunsa ndi kugamula nkhani.

M'kampani muli maudindo atatu amene sayenera kusokonezedwa. Eni masheya amasankha bodi. Bodi imalemba ntchito mkulu wa kampani ndipo ingathenso kumuchotsa, imavomereza bajeti, imaloleza kugulitsa masheya atsopano kapena kutenga ngongole yaikulu, ndipo ndiyo imayamba kuunika nkhani wina akafuna kugula kampani yonse. Mkulu wa kampani ndi antchito ake amayendetsa zatsiku ndi tsiku. Pakali pano maudindo onse atatuwa ali pa anthu amodzimodzi, ndipo palibe cholakwika malinga ngati ndalama zimene zili pangozi ndi zanu nokha. Tsiku limene mudzalandire ndalama za munthu wina, funso lakuti ndani akuyang'anira oyendetsa kampani lidzafuna yankho lomveka.

Mwanena kuti mumagwirizana pa chilichonse, ndipo ine ndikuona kuti pamenepo ndi pamene pali kufooka kwanu. Anthu atatu amene adayamba ndi ganizo limodzi, amene amawerenga zofanana ndi kucheza ndi makasitomala omwewo, amalakwitsanso mofanana, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene amafuna kukhala woyamba kunena kuti chinthu chimene adachivutikira chaka chathunthu sichikugulidwa. Munthu wakunja amene ali ndi ufulu woona mabuku a ndalama komanso voti pa zigamulo zazikulu angathe kunena zimenezi popanda kuopa kuti ubwenzi utha. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo phindu lalikulu la bodi m'kampani yaing'ono lili pomwepo.

Taganizirani za Google. Mu Juni 1999 makampani awiri oika mpamba m'mabizinesi atsopano, Kleiner Perkins ndi Sequoia Capital, adaikamo madola 25 miliyoni, ndipo John Doerr ndi Michael Moritz adalowa m'bodi. Oyambitsa ake, Larry Page ndi Sergey Brin, anali asanakwanitse zaka 30 ndipo anali asanayendetsepo kampani yaikulu. Oika mpambawo adaumirira kuti pafunika munthu wodziwa kale kuyendetsa kampani, eni akewo adazengereza kwa nthawi ndithu, mpaka mu 2001 adagwirizana zotenga Eric Schmidt, amene adatsogolera kampaniyo zaka khumi Page asanabwerere pa mpando wa mkulu mu 2011. Chigamulo chimenechi sichidachokere m'mitima ya oyambitsawo, koma sichidawalande kampani yawo.

Langizo langa ndi lakuti muvomere, koma mukambirane za kukula kwa bodiyo. Pa msinkhu wanu mipando itatu ndi yokwanira: iwiri ya oyambitsa, umodzi wa mwini mpamba. Izi zikutanthauza kuti mmodzi mwa atatu inu sakhala ndi mpando, ndipo ndi bwino kuti nkhani yowawayi muikambe tsopano mukadali ogwirizana. Onaninso kukula kwa mpamba umene munthuyo akubweretsa. Amene akugula kagawo kochepa kwambiri ka masheya sayenera kupatsidwa voti m'bodi. Mungamupatse mwayi wokhala nawo pamisonkhano ngati woonerera, wolandira mapepala onse ndi kulankhulapo koma osavota.

FUNSO: Ndidamva kuti Steve Jobs adachotsedwa ndi bodi m'kampani ya Apple imene iye mwini adayambitsa nawo. Ine ndataya zaka zambiri ndikumanga kampani yanga, ndipo ndikaganiza zakuti anthu obwera mochedwa angadzandionetse msana wa njira, ndimangoti bola ndikhale wopanda mpamba wawo. Kodi pali njira yodzitetezera?

YANKHO: Mayi, mantha anu ali ndi maziko. Mu 1985 bodi ya Apple idakhala kumbali ya mkulu wa kampaniyo John Sculley, munthu amene Jobs mwiniwake adamunyengerera kuti achoke ku Pepsi mu 1983, ndipo idamulanda Jobs udindo woyendetsa nthambi ya makompyuta a Macintosh. Mu Seputembala chaka chomwecho Jobs adachoka. Si iye yekha amene zidamuonekera: Jack Dorsey adachotsedwa pa mpando wa mkulu wa Twitter mu 2008, ndipo Evan Williams amene adamulowa m'malo adasiyanso mpandowo mu 2010. Katswiri wina wa zamabizinesi, Noam Wasserman, ataunika makampani atsopano 212 a ku America, adapeza kuti pofika chaka chachitatu theka la oyambitsa anali atasiya kale kukhala akulu a makampani awo, ndipo osakwana 25 peresenti ndiwo adatsogolera makampaniwo mpaka kukafika pa msika wa masheya. Koma kumbukiraninso kuti bodi ya Apple ndiyo idachotsa mkulu wa nthawiyo Gil Amelio mu Julayi 1997 ndi kutsegulira Jobs njira yobwererera. Mphamvu yochotsa mkulu ndi yomweyo imene imapulumutsa kampani mkulu akakhala wolakwika.

Kuti mudziteteze, yambani mwamvetsa mmene woyambitsa amatayira ulamuliro, pakuti sizichitika tsiku limodzi. Pa ulendo woyamba wolandira mpamba, mipando imakhala iwiri ya oyambitsa ndi umodzi wa oika mpamba. Pa ulendo wachiwiri, amene wabweretsa ndalama zambiri amafunanso mpando, ndipo bodi imakhala ya anthu asanu: awiri oyambitsa, awiri oika mpamba ndi mmodzi woima payekha. Kuyambira pamenepo, nkhani iliyonse imene mbali ziwirizi zasemphana imagamulidwa ndi munthu wachisanuyo. Chodabwitsa n'chakuti oyambitsa ambiri amatha masabata akulimbana pa mtengo wa kampani, koma ndime yonena za amene adzasankhe munthu wachisanuyu amangoidutsa, mwinanso mpandowo amausiya wopanda munthu kwa miyezi yambiri. Umirirani kuti munthuyo asankhidwe mogwirizana ndi mbali zonse ziwiri, ndipo mpandowo mudzaze msanga zinthu zikadali bwino, chifukwa mkangano ukabuka palibe dzina limene mbali ziwirizo zidzagwirizane.

Dziwaninso kuti masheya ndi mipando ya m'bodi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mungathe kukhala ndi masheya ochuluka kuposa wina aliyense koma n'kugonja pa mavoti atatu kwa awiri m'chipinda cha bodi, chifukwa kumeneko munthu aliyense ali ndi voti imodzi. Loya wanu akuwerengereni bwino zinthu zitatu m'mgwirizano. Choyamba, ngati mpando wanu walembedwa kuti ndi wa aliyense amene ali mkulu wa kampani, ndiye kuti tsiku limene mwachotsedwa ntchito mwatayanso mpando. Pemphani kuti mpando umodzi ukhale wa oyambitsa mosatengera udindo. Chachiwiri, masheya a oyambitsa kawirikawiri amakhwima, kutanthauza kuti amasanduka anuanu, pang'onopang'ono kwa zaka zinayi, choncho funsani chimene chidzachitikire osakhwimawo mukadzachotsedwa popanda mlandu. Chachitatu, oika mpamba amakhala ndi mndandanda wa zinthu zimene sizingachitike iwo asanavomereze, monga kugulitsa kampani kapena kutulutsa masheya atsopano, ndipo mndandanda umenewu umagwira ntchito ngakhale bodi yonse itakhala kumbali yanu.

Pali njira ina imene oyambitsa ena otchuka adatsata, yokhala ndi masheya a mavoti ochuluka. Google polowa pa msika wa masheya mu 2004 idapatsa oyambitsa ake masheya a mavoti khumi pa sheya iliyonse, ndipo Facebook idachitanso chimodzimodzi. Okonda njirayi amatchula zimene zidachitika mu 2006, pamene Yahoo idafuna kugula Facebook ndi madola 1 biliyoni, ndipo Mark Zuckerberg, ali ndi zaka 22, adakana ngakhale anzake a m'bodi, Peter Thiel ndi Jim Breyer, ankaona kuti ndalamazo n'zoyenera kuziganizira mofatsa. Nthawi idaonetsa kuti iye sadalakwitse. Koma ndikupemphani kuti muyerekeze nkhani imeneyi ndi ya WeWork, kampani yochititsa lendi maofesi. Mkulu wake, Adam Neumann, anali ndi masheya a mavoti 20 pa sheya iliyonse, ankabwereketsa kampaniyo nyumba zimene iye mwini anali ndi gawo, ndipo adalipidwa masheya okwana madola 5.9 miliyoni chifukwa cha dzina lakuti We, malipiro amene adabweza anthu atadandaula. Bodi idalola zonsezi. Kumayambiriro kwa 2019 mtengo wa kampaniyo unkatchulidwa kuti ndi madola 47 biliyoni, koma mapepala olowera pa msika wa masheya atatuluka mu Ogasiti, ofuna kugula masheya adafunsa m'masabata ochepa mafunso amene bodi idalephera kufunsa kwa zaka. Mu Seputembala Neumann adatula pansi udindo, ndipo mu Novembala 2023 kampaniyo idapita kukhoti kukalengeza kuti yalephera kubweza ngongole.

Mavoti ochuluka sadamuteteze Neumann, monganso sadamuteteze Travis Kalanick, mkulu wa Uber, kampani yoitanitsira matakisi pafoni, amene adatula pansi udindo mu Juni 2017 oika mpamba akuluakulu atamulembera kalata yomuuza kuti achoke. Kampani imene ikufunabe ndalama za ena kuti ikhale ndi moyo imamvera eni ndalamazo, kaya mgwirizano ukunena zotani. Choncho musafune bodi imene singathe kukuchotsani m'pang'ono pomwe, pakuti oika mpamba anzeru adzaithawa, ndipo inuyo mudzasowa wokuchenjezani. Funani bodi imene singakuchotseni chifukwa cha mkwiyo wa munthu mmodzi. Ndipo zoipa zikachitika, mamembala azimva kwa inu mwachangu, chifukwa akulu ambiri a makampani amachotsedwa bodi ikazindikira kuti idabisiridwa, kuposa pamene malonda angotsika.

FUNSO: Tikufuna kuitana anthu otchuka, monga nduna yakale kapena mkulu wopuma wa banki, kuti alowe m'bodi yathu n'cholinga choti oika mpamba atikhulupirire. Kodi ndi nzeru?

YANKHO: Bambo, nzeru imeneyi idayesedwa kale pa mlingo waukulu kwambiri ndi kampani ya Theranos, imene Elizabeth Holmes adayambitsa mu 2003 ponena kuti makina ake angathe kuyeza matenda ambiri ndi timadontho tochepa ta magazi a pachala. M'bodi yake munali George Shultz ndi Henry Kissinger, amene onse adakhalapo nduna zoona zakunja za America, William Perry amene adakhalapo nduna ya chitetezo, senetala wakale Sam Nunn, ndi mkulu wa asilikali James Mattis. Mayinawa adagwiradi ntchito imene mukuifunayo: ndalama zidabwera, ndipo mu 2014 mtengo wa kampaniyo udafika madola 9 biliyoni. Koma ambiri mwa akuluakuluwa luso lawo linali la ndale ndi zankhondo, osati la kuyeza magazi m'labotale, ndipo mavoti pafupifupi onse anali m'manja mwa Holmes. Chinyengocho chidaululidwa mu Okutobala 2015 ndi mtolankhani John Carreyrou wa nyuzipepala ya Wall Street Journal, mothandizidwa ndi anthu amene adagwirapo ntchito m'kampaniyo, osati ndi bodi. Kampaniyo idatha mu 2018, ndipo mu 2022 Holmes adapezeka wolakwa pa mlandu wonamiza oika mpamba n'kugamulidwa kukakhala kundende zaka zoposa 11.

Sindikunena kuti munthu wotchuka ndi wopanda ntchito. Ndikunena kuti kutchuka kusakhale chifukwa chomusankhira. Musanamuitane, dzifunseni ngati munthuyo angathe kuzindikira bodza m'ntchito yanuyi, kaya ndi la ena kapena limene mukudzinamiza nokha. Ngati mumapereka ngongole kudzera pafoni, mukufunika munthu amene akaona kuti chiwerengero cha osabweza ngongole chatsika mwadzidzidzi adzafunse ngati anthu ayambadi kubweza kapena mwangosintha kawerengedwe kake. Dzifunseninso ngati ali ndi nthawi yowerenga mapepala msonkhano usanafike ndi kuyankha foni pakagwa vuto, chifukwa munthu amene ali kale m'mabodi ambiri adzangobwera kudzamwetulira. Kawirikawiri munthu wothandiza kwambiri ndi amene adayendetsapo kampani yokulirapo pang'ono kuposa yanu, amene akukumbukirabe mmene zimakhalira malipiro a antchito akayandikira kubanki kulibe kanthu. Nduna yakaleyo, ngati ikukufunirani zabwino, ingathe kukuthandizani ngati mlangizi.

FUNSO: Nanga kusiyana kwa alangizi ndi bodi n'kotani? Ife tili kale ndi alangizi anayi.

YANKHO: Mlangizi amakupatsani maganizo ndipo inu muli ndi ufulu wowatenga kapena kuwasiya; alibe voti, sangakukakamizeni kumuonetsa mabuku a ndalama, ndipo lamulo silimufunsa kanthu kampani ikagwa. Membala wa bodi ali ndi voti, ali ndi ufulu woona mabuku, ndipo angathe kuimbidwa mlandu akanyozera udindo wake. Alangizi mungawasinthe mawa lomwe, pamene kuchotsa membala wa bodi woikidwa ndi oika mpamba n'kovuta kwambiri. Sungani alangizi anuwo, koma musadzinamize kuti alowa m'malo mwa bodi.

FUNSO: Bodi tili nayo ndipo timakumana, koma misonkhano yake imandionongera nthawi. Ndimatha masiku ndikukonza zithunzi zoonetsa pakhoma, ndimalankhula maola awiri, iwo amagwedeza mitu, kenako timabalalika. Phindu lake lili pati?

YANKHO: Mayi, msonkhano umene mwaufotokozawu ulibedi phindu, koma amene amakonza ajenda ndinu, ndiye kukonza kwake kulinso m'manja mwanu. Malipoti sayenera kuwerengedwa pamsonkhano. Tumizani mapepala masiku angapo msonkhano usanachitike, ndipo pa tsamba loyamba pakhale zinthu zochepa zimene sizisintha kalembedwe mwezi ndi mwezi: ndalama zimene zili kubanki, zimene zikutuluka pamwezi, zimene zikulowa, ndi makasitomala amene abwera ndi amene achoka. Tiyerekeze kuti kubanki kuli madola 600,000 ndipo mwezi uliwonse zotuluka zikuposa zolowa ndi madola 75,000. Ndiye kuti kampani yatsala ndi miyezi isanu ndi itatu ya moyo. Popeza kupeza mpamba watsopano kumatenga miyezi ingapo, chiwerengero chimenechi chokha chikukuuzani nkhani ya msonkhanowo: kodi tiyambe tsopano kufunafuna ndalama, tichepetse antchito, kapena tisiye ntchito ina imene ikudya ndalama popanda kubweretsa kanthu? Lembani mafunso awiri kapena atatu otere, onetsani njira zimene mukuziona ndi imene inu mukuikonda, ndipo maola awiriwo athere pamenepo.

Oyambitsa ambiri amaopa kufika pamsonkhano ndi funso limene alibe yankho lake, poganiza kuti aoneka ofooka. Komatu mamembala a bodi amene ali m'makampani ena angapo adaona kale vuto ngati lanulo, ndipo sangakuuzeni zimene adaona ngati inu mukungowaonetsa zithunzi za chipambano. Nkhani yoipa kwambiri, monga kuchoka kwa kasitomala wamkulu, musaisunge mpaka tsiku la msonkhano. Imbirani membala aliyense foni isanafike nthawiyo. Ndi bwinonso kuti kumapeto kwa msonkhano mamembala atsale okha kwa kanthawi inu mutatuluka, kenako mmodzi akuuzeni zimene akambirana. Poyamba zimapweteka, koma ndi bwino azikambirana za inu m'chipinda chimene mukuchidziwa kusiyana ndi kumakambirana pafoni inu osadziwa.

Musanyozenso mbali yotopetsa ya ntchitoyi, imene ndi kulemba maminitsi ndi kuvomereza zigamulo mwalamulo. Masheya amene mudalonjeza wantchito koma bodi sidavomereze m'maminitsi adzabweretsa mpungwepungwe tsiku limene wofuna kugula kampani adzatumize maloya ake kudzafufuza mapepala. Ndipo kumene kulibiretu misonkhano, zotsatira zake tidaziona ku FTX, kampani yogulitsirapo ndalama za pa intaneti imene mtengo wake udafika madola 32 biliyoni kumayambiriro kwa 2022 koma n'kugwa mu Novembala chaka chomwecho. Oika mpamba otchuka, kuphatikizapo Sequoia Capital, adaikamo ndalama popanda kutenga mpando m'bodi. John Ray, amene adapatsidwa ntchito yolongosola kampaniyo itagwa ndipo adagwiraponso ntchito yotere ku Enron, kampani ina yaikulu ya ku America imene idagwa, adauza khoti kuti makampani ambiri a pansi pa FTX sadachitepo msonkhano wa bodi, ndiponso kuti anali asanaonepo kusowa kwa dongosolo loyang'anira kampani kofika pamenepo. Ndalama za makasitomala pafupifupi madola 8 biliyoni zidasowa, ndipo mu Malichi 2024 woyambitsa wake Sam Bankman-Fried adagamulidwa kukakhala kundende zaka 25.

FUNSO: Ndidapuma pantchito nditayendetsa makampani kwa zaka zambiri. Achinyamata ena andipempha kuti ndikhale membala woima payekha m'bodi ya kampani yawo, ndipo mmodzi mwa oika mpamba ndi mnzanga wakale amene ndiye adanditchula dzina. Kodi ndidzakhala ndikuimira ndani, ndipo pali ngozi yanji kwa ine?

YANKHO: Bambo, mudzakhala mukuimira kampani, osati mnzanuyo kapena achinyamatawo. Mfundo imeneyi imakhudza membala aliyense wa bodi, ngakhale amene adaikidwa ndi oika mpamba. Malamulo a ku Delaware, chigawo cha America kumene makampani atsopano ambiri a m'dzikolo amalembetsedwa, amaika maudindo awiri akuluakulu pa dayilekitala: kusamala, kutanthauza kudziwa bwino nkhani asanagamule, ndi kukhulupirika, kutanthauza kusaika zofuna zake patsogolo pa za kampani. Makhoti sadzudzula dayilekitala chifukwa chakuti chigamulo chake chidabweretsa kuluza, malinga ngati adagamula atafufuza, ndi mtima woona ndiponso wopanda phindu lake lamseri.

Udindowu umayesedwa kwenikweni kampani ikamagulitsidwa pa mtengo wosasangalatsa. Oika mpamba amakhala ndi masheya apadera amene amayamba kulipidwa, pamene oyambitsa ndi antchito amakhala ndi masheya wamba amene amalandira zotsala. Kampani ya Trados itagulitsidwa mu 2005 ndi madola 60 miliyoni, eni masheya apadera adalandira pafupifupi 52 miliyoni, akuluakulu oyendetsa kampani adagawana pafupifupi 8 miliyoni, ndipo eni masheya wamba sadalandire kalikonse. Nkhaniyo idapita kukhoti, ndipo mu 2013 woweruza wa ku Delaware adati madayilekitala sadayendetse bwino ndondomeko yogulitsira chifukwa sadaganizire eni masheya wamba, amene bodi iyenera kuwaganizira, ngakhale adawapeza osalakwa popeza masheya wambawo analibe kale mtengo uliwonse. Adapambana mlandu, koma patapita zaka zisanu ndi zitatu. Pa tsiku ngati limenelo, voti yanu ndiyo imene onse adzaiyang'ane, ndipo ubwenzi wanu ndi woika mpambayo udzafunsidwa. Uululeni kwa onse tsopano, ulembedwe m'maminitsi, ndipo achinyamatawo avomereze dzina lanu akudziwa.

Ngozi ina imabwera kampani ikayamba kulephera kulipira ngongole. Ku Britain, lamulo la 1986 limalola khoti kulamula dayilekitala kulipira kuchokera m'thumba mwake ngati adalola kampani kupitiriza malonda akudziwa, kapena akuyenera kudziwa, kuti palibenso chiyembekezo choti ipulumuke. Maiko ena ali ndi malamulo ofanana ndi amenewa, makamaka pa misonkho ndi ndalama zodulidwa pa malipiro a antchito, choncho funsani loya za dziko limene kampaniyo idalembetsedwa. Musanavomere, pemphani kuona mabuku a ndalama, mndandanda wa eni masheya, mgwirizano wa oika mpamba ndi maminitsi a misonkhano yapitayi. Funsani ngati pali inshuwalansi yoteteza madayilekitala. Pa nkhani ya malipiro, kampani yaing'ono kawirikawiri siipereka ndalama kwa membala woima payekha. Imapereka kagawo kochepa ka masheya kokhwima m'zaka zingapo, ndipo muziwerengera kuti masheyawo angathe kudzakhala opanda mtengo.

Pomaliza, dziwiranitu chimene chingakuchotseni. Mu Juni 2023 oimira oika mpamba atatu, a Prosus, Peak XV ndi Chan Zuckerberg Initiative, adatuluka m'bodi ya Byju's, kampani ya maphunziro ya ku India imene chaka cha 2022 mtengo wake unkatchulidwa kuti ndi madola 22 biliyoni, ndipo nthawi yomweyo kampani younika mabuku ya Deloitte idasiyanso ntchitoyo chifukwa cha kuchedwa kwa malipoti a zachuma. A Prosus adafotokoza pambuyo pake kuti oyendetsa kampaniyo ankanyozera malangizo mobwerezabwereza. Inunso mukadzaona kuti mapepala amene mwapempha sakubwera, kapena ziwerengero zikusintha popanda kufotokoza, yambani mwalemba nkhawa yanu kwa wapampando ndi kupempha kuti ilowe m'maminitsi, ikani tsiku loti muyankhidwe, ndipo tsikulo likadutsa opanda yankho, lembani kalata yotula pansi udindo yotchula zifukwa zanu momveka bwino, n'kuitumiza kwa mamembala onse a bodi.